Mphika wa Mankhwala Subwezedwa

Ndinagogoda ndi chigongono, poti manja onse anali atagwira mphika wadothi. Mayi Dou, aneba athu, atatsegula anayang'ana mphikawo, kenako ine, nkhope yawo n'kugwa.

"Qiaoyun, mwana iwe, takulakwira chiyani ife?"

"Ndabweretsa mphika wanu, azakhali. Bambo achira."

"Ndiye wati matenda awowo udzawatule pakhomo panga? Usalowe. Bwerera nawo."

Kumbuyo kwawo ndinaona mwana wawo Jinsheng, timitengo todyera tili m'manja, ali kukamwa yasa. Chitseko chinatsekedwa.

Mwambowo ndinkaudziwa bwino. Mphika wophikira mankhwala umabwerekedwa, koma subwezedwa. Mwini wake amadzautenga yekha. Kungoti Jinsheng anali pafupi kunyamuka kupita ku yunivesite ku Chengdu, ndipo chimalizireni sukulu tinali tisanalankhulane, kupatula moni wa pamasitepe. Akanapita choncho, ndinkadziwa kuti basi kwatha. Ndinkafuna chifukwa chogogodera pachitseko chimenecho, ndipo ndinadzinamiza kuti banja la wailesi yakanema yaikulu chonchija silingaope dothi.

Mphikawo tinaubwereka chifukwa cha chifuwa cha bambo, chomwe chinawagwira nyengo yachisanu n'kukana kuchoka. Ndine ndinawaperekeza kwa a Ouyang, dokotala wa zitsamba wa m'khwalala lathu. Khoma lonse la sitolo yawo linali timadirowa tamatabwa, tonunkhira mizu, makungwa ndi makoko ouma a manachesi. Anasanjika zala zitatu padzanja la bambo n'kutsinzina, ngati munthu womvetsera nyimbo yochokera kutsidya la mtsinje.

"Tulutsani lilime. Ehe. A Lan, mukumamwa mowa wozizira mobisa."

"Kamodzikamodzi," anatero bambo.

"Lilime lanu likuti kawirikawiri."

Anayeza zitsamba pa kasikelo kamkuwa osayang'ana n'komwe zomwe zalembedwa pamadirowa, n'kuzikulunga m'mapepala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Wophika ndiwe? Mwendo wakowo chilowereni sunapume. Tamvera. Poto wachitsulo ayi. Moto waukulu mpaka ziwire, zikatero moto wofatsa, iwe uli pomwepo. Mizu simva phuma."

Phukusi loyamba ndinapsereza. Ndinakweza moto kuti zithe msanga, ine n'kukaima pazenera kudikira njinga ya Jinsheng. Mayi anga anandikalipira mpaka aneba anamva. Kuyambira pamenepo ndinkakhala pa kampando pafupi ndi chitofu, kuonerera madzi akusanduka akuda pang'onopang'ono, fungo lake likulowa m'zovala ndi m'tsitsi. Bambo ankamwa atatsina mphuno, akutukwana a Ouyang ndi makolo awo omwe. Koma chifuwa chinayamba kulekerera. Nkhope inabwerera mtundu wake, anayambanso kupempha mbale yachiwiri ya mpunga, ndipo tsiku lina mayi anadandaula kuti mkonono wa bambo wabwerera. Ankadandaula akumwetulira.

Tsiku la kwa a Dou lija ndinafika kunyumba ndi mphika wanga, misozi ili chuchuchu.

"Sukulu yonse ija, nzeru n'zomwezi?" anatero mayi. "Ndiyenda bwanji pamasitepe ine?"

Bambo anangondisuzumira pamwamba pa nyuzipepala, n'kuyang'ana diresi yanga yatsopano, yomwe si yovala popita kukabweza mphika.

Mawa lake masana wina anagogoda. Anali Jinsheng, makutu ali psuu.

"Amalume, amayi andituma kudzatenga mphika. Akuti dzulo anakalipa mopitirira."

"Anakalipa bwino," anatero mayi ali kukhitchini.

Ndinathamangira mphika uja n'kumupatsira. Mawu onse amene ndinakonza pazenera paja anathawa. Iye anatambasula manja, maso ali pansi. Mphika ukanangochoka, ndiye kuti zonse zathera pomwepo.

Apo bambo, amene sabata yonse anali asanatsokomole, anatsitsa nyuzipepala. Anatsokomola kachifuwa kouma, konga ka mbuzi.

"Ayi, mwanangu, usautenge kaye. Chikukanda pakhosipa. A Ouyang anati ndizimwa masau ofiira ndi jinja, zolimbitsa thupi. Qiaoyun, teleka. Iwe khala pansi udikire, amayi ako asakuone wabwerera chimanjamanja."

"Mwayambanso liti kudwala inu?" anafunsa mayi.

"Pompano," anatero bambo, n'kukwezanso nyuzipepala.

Jinsheng anakhala pa kampando kanga kaja, mawondo atatsala pang'ono kugunda chibwano. Ndinathira masau ndi jinja, madzi n'kuyamba kuwira.

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Zimatengera moto," ndinatero.

Ndinawerama, n'kuutsitsa mpaka unatsala kamzere kobiriwira, kongonyambita pansi pa mphika.