Bolodi Lonyansa la kwa Pilato

Ine sukulu ndinalekera sitandade 3, ndiye za makompyuta musandifunse zambiri. Changa ndi mandasi. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikukazinga pa Nkando, pomwe pamaima maminibasi a ku Limbe, ndipo palibe anandibwezerapo mandasi kuti ndi osapsa m'kati.

Wamakompyuta ndi mwana wanga Tamanda. Amajambula maukwati, kenako amadzitsekera m'kachipinda kuseri kwa golosale ya a Godwin n'kumalumikiza zithunzi, kuika nyimbo, kudula pamene wina wadutsa kutsogolo kwa kamera. Akamaliza, kompyuta imayenera kuphika vidiyoyo yokha, ngati nyemba, osaisokoneza. Apa m'pamene panavuta. Vidiyo ya ukwati wa a Kingstone ndi a Enifa inkafuna maola sikisi kuti ipse. Magetsi sabata imeneyo ankabwera 10 koloko m'mawa n'kuzima 3 koloko masana. Maola asanu basi. Akazima, zonse zimayambiranso poyambirira. Jenereta ya a Godwin inali gone, petulo kulibe.

Lolemba anazima. Lachiwiri anazimanso vidiyo ili pafupi kupsa. A Kingstone amagwira ntchito ku Joni, ndipo ankabwerera Loweruka. Anali atanena kale kuti sachoka chimanjamanja.

Lachiwiri lomwelo Tamanda anabwera pachiwaya panga maso ali psu.

“Amayi, vidiyoyi ikapanda kutuluka, palibenso adzandiitane pa ukwati. Ndigulitsa kamera, ndikwere nawo basi ya a Kingstone. Mnzanga Millie akuti ku Joni ntchito ya m'nyumba ilipo.”

Mchimwene wake anapita komweko zaka zinayi zapitazo. Mawu ake ndimawamva pa Khirisimasi pokha. Wachiwiri ayi.

“Pukuta m'masomo. Chavuta n'chiyani kwenikweni? Ndiuze mwachidule, mafuta akupserera.”

“M'kompyuta muli kachitsulo kochepa ngati kabokosi ka machesi, kamene kamagwira ntchito yonse. Dzina lake purosesa. Kanga n'kamphamvu, kangathe kuthamanga kuposa apa, koma bolodi limene kakhalapo silikulola. Linatsekedwa kufakitale.”

“Ndiye kuti ukufuna kachite ngati bambo ako, amene ankanyamula zikwama ziwiri za azungu kuchoka pa Likhubula kukwera ku Chambe, anzawo atanyamula chimodzi.”

“Eya, momwemo.”

“Mawondo awo lero ukuwamva mmene amalirira?”

“N'chifukwa chake pakufunika bolodi lolimba. Lokhala ndi chilembo cha zedi.”

“Limagulitsidwa kuti?”

“Kwa a Pilato pa Chitakale. Koma mitengo yawo, amayi...”

“Mitengo undisiyire ine. Mawa 6 koloko ukhale utasamba.”

Lachitatu tinakulunga kompyuta m'chitenje, Tamanda n'kuifukata pamiyendo m'minibasi. Kondakitala ankafuna ilipire mpando. Ndinamufunsa ngati nkhuku za mayi amene anali kumbuyo zinalipira, ndipo anatembenukira kwa ena kukatolera ndalama.

Pilato amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka malata kokhala ndi sola padenga. Mayi ake tinkathyolera limodzi tiyi ku esiteti ndili mtsikana, ndiye iyeyo ndinamuona akuyenda wopanda kabudula. Lero ali ndi magalasi ndi kandevu.

“Takulandirani mayi! Mwabwera ndi foni?”

“Tabwera ndi ndalama. Tulutsa mabolodi.”

Anatulutsa atatu. Loyamba Tamanda anangoliyang'ana n'kulibweza, linalibe zedi. Lachiwiri linali m'katoni yake, lonyezimira, lofiira m'mphepete, loyera ngati mbale ya alendo. Lachitatu analitulutsa pansi pa tebulo ataligwira ndi zala ziwiri. Fumbi, dzimbiri pakona, ndi mazira a mphemvu m'timabowo.

“Ili lokongolali ndi eyite sauzande,” anatero Pilato. “Zedi ilipo, onani. Ili linalo ndangokuonetsani, n'la m'kompyuta yakale ya muofesi, bowo limodzi la fulashi linafa. Fote ndikhoza kutaya.”

Tamanda anali atafa kale nalo lofiiralo. Ankalisisita ngati nsalu ya chinkhoswe. Ine ndinanyamula onse awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ili. Lokongolalo linali lopepuka ngati chigubu chopanda kanthu. Lonyansalo linkakoka dzanja.

“Uwayatse onse awiri tione.”

“Aa mayi, kumanga limodzi ndi ola lathunthu. Zedi ndi zedi. Palibe chosiyana.”

“Iwe Pilato, chinanazi ndimagula nditalawa. Eyite sauzande ndikupatse chifukwa cha utoto wofiira?”

“Ndili ndi makasitomala ena.”

Ndinakoka mpando wake, ndinakhala pakhomo penipeni, n'kumasula mandasi amene ndinatenga a kamba. Kunabwera mnyamata wa kabaza ndi foni yosweka galasi. Ndinamuuza kuti adikire, pano pali mzere, ndipo mwini shopu amakana kuyesa katundu wake. Kunabwera mphunzitsi, ndinamuuza zomwezo. Pilato anavula magalasi, anapukuta kumaso, n'kutenga sikuludiraiva.

Anayamba ndi lokongolalo. Tamanda analowa penapake pa sikirini pamene panali nambala 33, anaikweza kufika 44, kenako anaika kachidutswa ka vidiyo kuti kayambe kupsa. Fani inayamba kulira ngati chigayo chili kutali.

“Mwaona?” anatero Pilato. “Likuuluka! Kutentha kwa purosesa kuli bwinobwino, nambala ndi iyi.”

Ine manambala awowo sindinawayang'ane. Mphuno yanga inamva kafungo kaja kamene mafuta amatulutsa asanayambe utsi. Ndinaweramira m'bokosimo.

“Amayi musakhudze mawaya!”

“Sindikukhudza. Takhala chete.”

Ndinayendetsa kuseri kwa dzanja pamwamba pake, monga ndimachitira pachiwaya ndisanaponye mtanda. Pa fani panali bwino. Koma pambali pake panali timabokosi takuda tandandalika mzere, tamaliseche, topanda chovindikira. Pamenepo ubweya wa padzanja unafuna kuwauka.

“Apa nditaikapo mtanda ungafufume. N'tiyani timeneti?”

Tamanda anasuzumira. “Timeneti ndi timene timapatsa purosesa magetsi. Mukaithamangitsa, ito n'timene timavutika kwambiri.”

“Timatero basi,” anatero Pilato. “Chitsulo chimatentha.”

“Tidikire,” ndinatero, n'kutenga mandasi ena.

Sitinadikire nthawi yaitali. Patatha mphindi makumi awiri Tamanda analoza pa sikirini. Nambala ija inali itatsika yokha, kuchoka 44 kufika 30, kuchepera ndi pamene tinayambira. Inkati ikakwera pang'ono, n'kugwanso. Bolodi linkadzipumitsa lokha kuti lisapse.

“Wanyamula zikwama ziwiri wakhala pansi asanafike n'pamlatho pomwe,” ndinatero. “Chotsa. Ika lamphemvulo.”

Pilato analiuzira fumbi mpaka tonse tinayetsemula. Pa ilo, timabokosi tija tinali titavindikiridwa ndi zitsulo zochindikala za mano ngati chipeso. Ndiye kulemera kuja. Tamanda anaikanso 44. Ndinaika dzanja. Kofunda chabe, ngati madzi osambitsira khanda. Tinadikira mphindi makumi awiri, ndinaikanso dzanja. Makumi anayi, chimodzimodzi. Nambala sinasunthe.

Tamanda anatsegula pakamwa kuti akuwe, ine n'kumutsina pantchafu. Koma Pilato anali ataona kale.

“Eee, limeneli ndi bolodi lamphamvu. Sevente.”

“Unati fote ndi pakamwa pako pomwepo.”

“Nthawi ija sindinkalidziwa bwino.”

“Wakudziwitsa ndani? Dzanja langali. Ulilipira zingati?”

Mnyamata wa kabaza uja anaseka mpaka kugwira chitseko.

“Sikisite faifi, mayi. Ndikuluza.”

“Bowo lakufa ukuligulitsanso? Nanga mphemvuzi, zili pamtengo womwewo kapena n'zabasera? Fote.”

“Sikisite.”

“Tamanda, masula kompyuta yako. Ku Limbe si kumwamba.”

Ku Limbe sitikanapita, nthawi inali itatha. Koma ndinamanga chitenje, ndinanyamula beseni langa la mandasi, ndinatuluka osacheuka. Ndinafika pa mtengo wa mapeyala wa patsidya pa msewu.

“Mayi! Fifite!”

“Fote faifi, ndipo uikemo fani ina yopemerera zitsulozo. Ndi mankhwala oyera aja umapaka pansi pa purosesa, upake atsopano, osati kukanda akale.”

“Mayi inu mudzandipha.”

“Mayi ako ndiwapatse moni?”

Anavomera fote faifi, tinabwerera, iye n'kumanga. Ndinamusiyira mandasi atatu otsala.

Lachinayi chiwaya ndinasiyira a Margret, anzanga ogulitsa nthochi, ine n'kukakhala m'kachipinda ka Tamanda. Magetsi anabwera mochedwa, 10 koloko itadutsa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Tamanda anadina. Pa sikirini panatuluka kamzere kobiriwira kamene kamayenera kuyenda kuchoka kumanzere mpaka kumanja.

Kuyenda kwake ngati nkhono. Ndinang'amba katoni ya sopo n'kuyamba kupemerera kompyutayo.

“Amayi, sizikufunika. Muli mafani atatu.”

“Wachinayi ndine.”

12 koloko kamzere kanali kasanafike pakati. Ndinatuma Tamanda akatsegule zenera. 1 koloko a Godwin anasuzumira kufunsa ngati angalumikize firiji yawo pa soketi yathu, ndinawayang'ana, anabwerera okha. Pafupipafupi ndinkaika dzanja pa zitsulo za chipeso zija. Zinali zofunda, koma zosaluma. 2 koloko mkono unatopa, ndinasintha wina. Tamanda ankangoyendayenda, akuluma zikhadabo, akuyang'ana babu la kudenga ngati limulankhula.

“Khala pansi, ukundizunguza mutu.”

“Akazima msanga bwanji?”

“Akazima msanga ndikalongolola komwe amawapangirako. Khala pansi.”

Itatsala kota kuti ikwane 3, kompyuta inalira kamodzi, ti! Fani inatsitsa mawu. Kamzere kanali kadzaza.

Tamanda sanakuwe. Anabaya fulashi n'kuyamba kusamutsa vidiyo. Zimenezonso zinali ndi kamzere kake, ndipo ndinafuna kuimenya kompyutayo ndi katoni. Kanadzaza. Anazula fulashi, anaiika m'kamisolo. Tisanatseke n'chitseko chomwe, babu linazima.

Lachisanu a Kingstone ndi akazi awo anaionera pa laputopu ya m'bale wawo. A Enifa analira pamene bambo awo ankawaperekeza m'tchalitchi, kenako anadandaula kuti azakhali awo akuoneka kanayi konse ndipo konseko akutafuna. Mlongo wawo wa a Kingstone, amene ali ndi chinkhoswe ku Likhubula, anatenga nambala ya Tamanda pomwepo.

Loweruka m'mawa minibasi ya ku Limbe inaima kutsogolo kwa chiwaya changa, a Kingstone ali pazenera, zikwama zili pamiyendo. Tamanda anali m'kachipinda kake, akutchaja mabatire a kamera. A Kingstone anagula mandasi khumi a paulendo, n'kupempha kuti ndiwaikire awiri abasera poti ndi kasitomala wa mwana wanga.

Ndinakana. Ufa wakwera mtengo.