Kabaji ka pa Jekete ya a Dudek

A Orval Dudek anali ndi zaka 88 pamene ana awo anawasiya kunyumba yosungirako okalamba ku Toledo. Lamlungu linkawatalikira. Anzawo ankalandira alendo, iwo nʼkumangowerenga magalimoto pawindo.

Pa jekete yawo panali kabaji kofiira, kojambulidwa sitima yamagetsi yoyenda mumsewu ndi mawu oitanira anthu kukasambira kunyanja. Agogo awo ankayendetsa sitimazo, ndipo kampani inkagawa tibajito mwaulere kale-kale, cha mʼma 1906. A Orval ankangotsekera nako thumba longʼambika.

Tsiku lina namwino anawajambula nʼkuika chithunzi pa intaneti. Sabata isanathe kunatulukira a Merle Tibbets, bambo wadazi amene anali ndi tibaji totere mazana anayi mʼmakabati agalasi, kusowa aka kokha.

"Mukuoneka bwino, madala," anatero a Merle, maso ali pathumba.

"Nkhope yanga ili kumtunda kuno, achimwene."

A Merle anatchula mtengo. A Orval anapukusa mutu, koma keke ya maapozi imene mlendoyo ananyamula anailandira ndi manja awiri. "Kamandikumbutsa agogo kameneka. Bwerani Lamlungu mʼmawa, ndikhala nditaganiza."

Kenaka kunabwera mayi Lorna Vasko, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankalimbirana tibaji ndi a Merle kwa zaka makumi awiri osapatsana moni. Iwo anauzidwa kuti azibwera Lamlungu masana. Ankabweretsa soseji ndi kabichi.

A Orval anaganiza miyezi itatu, mpaka jekete inayamba kuwathina. Atatopa ndi kucheza ndi mmodzimmodzi, anawauza onse awiri kuti afike 2 koloko.

Anakumanizana pakhomo.

"Inu mukufunanji kuno?" anafunsa mayi Lorna.

"Ndabwera kudzaona mnzanga."

"Mnzanu dzina lake loyamba ndani?"

A Merle anakanda dazi. A Orval anaseka mpaka kutsokomola, nʼkutulutsa makadi.

"Khalani pansi nonse. Wondigonjetsa katatu motsatizana atenga kabaji."

Palibe anafika katatu. A Merle akapambana kawiri, mayi Lorna ankataya dala makadi abwino kuti madala apambane. A Merle nawo ankabwezera. Zimenezi zikapanda kukwanira, a Orval ankakhala ndi makadi awiri obisa pansi pa ntchafu.

Mʼmwezi wa Januwale galimoto ya a Merle inakana kulira chifukwa cha chisanu, ndipo mayi Lorna anakawatenga kwawo. Anafika akukangana za njira yachidule. Anasewera maola atatu, mayi Lorna anagwira a Orval akusolola khadi, nʼkuwamenya padzanja ndi supuni.

Alendo atapita, a Orval anazindikira kuti tsiku lonse anavala juzi. Jekete inali kochapa, kabaji kali pomwepo, ndipo palibe mlendo anafunsa za kabajiko. Zinawanyansa pangʼono. Anaitana namwino kuti akaifufuze msanga isanalowe mʼmakina ochapira.