Chilonda cha pa Lilime la Telala

"Yasamani kwambiri, bambo," anatero dokotala, akuunika ndi katochi.

Telala anayasama. Chilonda chinali m'mbali mwa lilime, chozungulira, cholimba m'mphepete. Ulendo wathawo dokotalayo anadulapo kanyama kukapima.

"Si khansa. Mtundu uwu ndi wosowa, koma suopsa. Dzino loswekali ndi lomwe likukhula lilime. Mumadula ulusi ndi mano, eti? Tilipala lero, tikupatsani mankhwala ochukucha m'kamwa. Chipola."

Mlongo wake, amene anamuperekeza, anawomba m'manja. "Mwamva, achimwene? Simufa! Nanga nkhope ya maliroyo ndi ya yani?"

Telala anangoyang'ana pansi. Tsiku lomwe anaona chilondacho pagalasi la makasitomala, anadziweruza yekha kuti ndi khansa. Mkazi wake anali atadwazika kale mwamuna woyamba mpaka kumuika m'manda, ndipo telala analumbira mumtima kuti sadzamusenzetsanso mtolo umenewo. Anamuuza kuti watopa naye, namulongedzera zovala. Za chilonda sanatchule.

Ali panja pa chipatala anaulula zonse.

"Safunsa anadya phula," anatero mlongo wake, kuseka kutamuthera. "Thamangani."

Mkazi wake anakamupeza kwa mng'ono wa mkaziyo, kuseri kwa nyumba, akuyanika zovala. Telala anafotokoza mwachibwibwi, lilime likadali lolemera ndi jakisoni. Mayiyo anamvetsera atagwira malaya onyowa, madzi akudontha pamapazi pake.

"Ndimafuna kukupulumutsani, mayi."

"Kundipulumutsa?" Anafinya malayawo pang'onopang'ono. "Malemu aja anandilola kuwasambitsa mpaka tsiku lomaliza. Zinali zowawa, koma ndinali mkazi wawo. Inu munandisiya ndikudzifunsa chomwe ndinalakwa. Ndaonda nazo, onani."

"Tiyeni kunyumba, chonde."

"Tulutsani lilime."

Anatulutsa ngati mwana. Mkaziyo anamugwira chibwano ndi dzanja lozizira, napendeketsa mutu wake kuti dzuwa liwale m'kamwamo. Anayang'ana nthawi yaitali, maso ake atadzaza misozi.

"Kanthu kakang'ono chonchi," ananong'ona.

Anamusiya, natola beseni.

"Mankhwalawo muzichukucha monga akuuzirani. Mukadzadwala zenizeni, mudzathamangitse wina. Ine sindingapirire kawiri."

Analowa m'nyumba, chitseko n'kutsekeka mosachita phokoso. Telala anaima pakati pa zovala zonyowazo mpaka jakisoni anatha mphamvu, lilime n'kuyamba kuwawa. Kenako anatembenuka n'kumapita.