Mpando wa M'mbali mwa Njira

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anabwera mochedwa ndipo anali ochepa. M'mudzi mwathu, cha kuno ku Chamama, tinagwirizana kuti mabanja awiri azigawana kuponi imodzi. Lazaro, mkamwini wa kwa mayi Zelesi, anayenera kugawana ndi mlamu wake Ernest. Koma Ernest anakagulitsa kuponiyo kwa mavenda. Lazaro anamva nkhaniyi Lachiwiri m'mawa akuthirira nazale ya fodya. Anasiya keni, natenga chikwanje, nakamutema mlamu wakeyo paphewa.

Anthu atayamba kumuthamangitsa, anakalowa m'balani yakale yowumitsira fodya ya esiteti imene inatsekedwa, nadzitsekera. Balaniyo ndi ya njerwa, khomo lake ndi limodzi. Pamene ndimafika, ena anali atatola miyala, wina atabwera ndi petulo m'kabotolo. Ine ndinali nditapuma pa uphunzitsi, ndipo ndinali wapampando wa komiti ya chitetezo. Ndinaimba foni ku Boma.

Apolisi anabwera asanu ndi mmodzi, dzuwa lili paliwombo. Anali a gulu lophunzitsidwa kugwira anthu oopsa popanda kukhetsa magazi. Anayi anali ndi zishango, mmodzi, dzina lake Benjamin, anali ndi mfuti. Mtsogoleri wawo anali Sajeni Kalekeni, munthu wamfupi wa mawu apansi. Analanda petulo uja, nabweza anthu onse kumbuyo, namangitsa chingwe kuchokera pagalimoto yawo kufika pamtengo wa mango umene uli m'mbali mwa njira yochokera ku balani.

"Pano woyankhula ndine ndekha," anatero kwa anthuwo. "Amene ali ndi mawu ambiri akawasunge a Lamulungu kutchalitchi."

Kenako ananditengera pambali.

"Aphunzitsi, ndamva kuti munamuphunzitsa. Amamwa?"

"Sakhudza n'komwe."

"Anadwalapo mutu?"

"Ayi."

"Alipo munthu amene sayenera kumuona akamatuluka?"

Ndinaganiza za Ernest yekha. Ndinayankha kuti ameneyo apita naye kale kuchipatala.

Patapita kanthawi mayi Zelesi anatulukira, akudziguguza ndi ndodo. Mwana wawo anali atatemedwa, mkamwini wawo ali m'balani, ndipo miyendo yawo inali yotupa. Anaima padzuwa pamodzi ndi anthu ena. Sizinandikomere. Ndinakatenga mpando panyumba yoyandikana, ndikuuika pamthunzi wa mango uja, kunja kwa chingwe monga lamulo linanenera. Anakhala pansi nathokoza. Ndinaona ngati ndachita zaulemu.

Sajeni anakhala panjerwa kutsogolo kwa balani, zishango ziwiri zitamutchinga, nacheza ndi Lazaro maola awiri.

"Ernest wafa?" anafunsa Lazaro ali m'katimo.

"Sanafe. Ndamva kuti akukalipira anamwino kuti amusoka mokhota."

"Ndi yemweyo. Ngakhale mizere amalima yokhota." Kenako anafunsa, "Nanga nazale yanga? Ndasiya mabedi awiri osathirira."

"Achimwene, ine za fodya sindizidziwa. Koma madzi akumwa ndili nawo. Ndikupatsireni pansi pa chitsekopo?"

Atamwa anapempha kuti amve mawu anga. Sajeni anandikodola.

"Lazaro, ndine."

"Aphunzitsi, andiombera anthu amenewa?"

"Sakuombera. Ungochita zimene akukuuza. Ine ndili pompano."

Sajeni anafotokoza pang'onopang'ono, nabwereza kawiri. Lazaro aponye chikwanje kunja. Avule malaya kuti aone kuti sanabise kanthu. Aike manja pamutu, ayende m'njira osapatuka, mpaka pamene pali chipewa cha apolisi. Pamenepo agwade. Chipewacho anachiika poyera, kutali ndi khomo la balani, mapazi ochepa kuchokera pamango paja.

Chitseko chinatseguka. Chikwanje chinauluka n'kukagwera m'mizere, kumanzere kwa njira, kutsogoloko. Sajeni anauza anzake kuti achisiye kaye, asayende munthu asanamangidwe. Lazaro anatuluka, manja ali pamutu, maso ali pansi. Ankayenda bwino, ngati mwana wopita kukalandira satifiketi.

Atatsala pang'ono kufika pachipewa, anadzutsa maso. Anaona apongozi ake atakhala m'mbali mwa njira, akumuyang'ana.

Kwathu kuno mkamwini sakumana maso ndi maso ndi mayi wobereka mkazi wake. Akawaona m'njira amapatuka, nawerama, naomba m'manja ali chapatali. Lazaro anali atachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi, mwina kangapo pa tsiku. Sindikhulupirira kuti anaganiza. Miyendo yake inangopatukira kumanzere, m'mizere, manja natsika kuchoka pamutu, msana nuwerama. Chikwanje chinali mapazi atatu kuchokera pamene anaponda.

Mfuti inalira kamodzi.

Sajeni ndiye anayamba kufika pamene Lazaro anagwera. Anavula lamba wake nammanga pantchafu, uku akuitanitsa galimoto. Lazaro sanakuwe. Anatembenuzira nkhope kumbali, nati, "Achotseni amayiwo. Ndilibe malaya." Mayi Zelesi anali atadziphimba kale kumaso ndi chitenje. Benjamin anaimirira pomwepo, mfuti italoza pansi. Sindinamuimbepo mlandu. Iye anaona munthu amene watema mnzake m'mawa akuweramira chikwanje.

Atamukweza m'galimoto, sajeni anabwera kwa ine akupukuta magazi m'manja ndi udzu.

"Agogo ali pampandowo ndani?"

"Apongozi ake."

"Anawakhazika pamenepo ndani?"

"Ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Iyenso anali wokwatira, sanafunikire kumufotokozera.

"Ndinakufunsanitu, aphunzitsi," anatero, nakakwera galimoto.

Anandifunsadi. Ndipo ine sindinali mlendo pa mwambowu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkapatukira mayi ake a malemu mkazi wanga Olive, mame kapena chitedze, ndinkalowa ndithu. Olive ndiye ankandiseka ndikabwera ndi zisoso m'buluku. Akanakhalapo tsiku limenelo, akanaona mpando uja n'kundikoka malaya. Chimwalirireni iye ndi mayi ake, ndinasiya kuganiza za amene akubwera kutsogolo m'njira. Ndinaona mayi wokalamba ali padzuwa, sindinaone apongozi a munthu.

Mwendo wa Lazaro anaudula pamwamba pa bondo. Khoti linamupatsa zaka zitatu chifukwa chotema Ernest. Ine ndinatula pansi udindo wa komiti. Nazale ija tinaithirira ndi Lefina, mkazi wa Lazaro, mpaka mbande zitakula, koma panalibe wowokera munda wonse, ndipo theka tinapatsa anthu. Apolisi pofufuza za mfuti ija, ine ndinalemba zonse monga zinachitikira, za mpando ndi za funso la sajeni. Anandithokoza, nandiuza kuti ndikhoza kupita.

Lazaro anabwerera chaka chatha. Amasankha fodya wa anthu atakhala pamphasa, ndipo dzanja lake pa ntchitoyi ndi labwino. Akandiona amati, "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" monga kale. Za lonjezo langa la pakhomo la balani sanatchulepo. Ndinayesa kamodzi kuyamba nkhaniyo, iye anandifunsa ngati mvula ya chaka chino ndikuiona bwino.

Sabata yatha ndikuchokera ku chigayo ndinamuona patsogolo panga, akuyenda ndi ndodo zake ziwiri. Mayi Zelesi anali kubwera kuchokera kudimba. Atamuona anaima, nayamba kupatuka iwowo kuti asamuvutitse. Koma Lazaro anali atalowa kale m'munda. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndodo zinkamira m'mizere, ndipo anatenga nthawi kuti aime bwino. Anatsamira ndodo imodzi kukhwapa, naomba m'manja. Ine ndinatula thumba la ufa, ndikudikira kuti onse adutse.