Mzukwa Wovala Ngati Wamoyo

A Kuwabara anali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo, nyumba yawoyawo, mano onse m'kamwa, koma mkazi ayi. Ntchito yawo inali yosambitsa ndi kuveka maliro. Akazi atatu amene azakhali awo, a Tomiko, anawapezera m'mbuyomu anathawa atangomva zimenezo, ndipo wachitatuyo anachita kubweza bokosi la maswiti losatsegula n'komwe.

Ndiye ulendo uno azakhaliwo anachenjera. Kwa a Okabe, mayi wogulitsa magalasi a maso m'sitolo ya pasiteshoni, anangonena kuti mwana wa mchimwene wawo amagwira ntchito ku kampani ya miyambo ija ya kuseri kwa msika. Silinali bodza. Kampaniyo inkachititsanso maukwati, m'zipinda zam'mwamba. A Kuwabara ankagwira kunsi.

Anali atakumana kawiri, ulendo woyamba kumwa tiyi azakhali ali pakati, wachiwiri kukaona nsomba za m'magalasi. Paja kukumana kachitatu ndiye kothera. Madzulo ake aliyense amaimbira foni woyendetsa nkhani, amene apa anali azakhaliwo, n'kunena kuti eya kapena ayi. A Kuwabara ankafuna eya. Mayiyu anawalowa mumtima, ndi kasekedwe kake kotseka pakamwa ndi chikhatho, ndipo mantha oti athawa ngati anzake aja ankawasowetsa tulo.

Nzeru yopita ku nyumba ya mizukwa ya kupaki ya zisangalalo inali ya azakhali.

"Mkazi akachita mantha amagwira mkono," anatero pafoni. "Iwe ungopereka mkonowo, pakamwa utseke. Ukuwenso pang'ono ngati munthu. Za maliro udzanena mutakwatirana."

Linali Lamlungu la mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo. Anaima pamzere pakati pa ana asukulu ndi zibwenzi zogawana ayisikilimu mmodzi, a Okabe akudzikupiza ndi kokupizira mphepo kapepala, a Kuwabara akuwerenga chikwangwani cha pakhomo kosaleka poti nkhani zinali zitawathera. Chikwangwanicho chinkapempha alendo kuti asaimirire m'ngolo, asajambule, ndiponso asakhudze mizukwa.

Anawakweza m'kangolo ka anthu awiri koyenda pa njanji, chitsulo n'kutsikira pamiyendo, chitseko n'kutsekeka kumbuyo.

M'katimo munali mdima ndi kafungo ka nkhungu. Nyali yapepala inang'ambika pakati n'kutulutsa lilime. Mutu wa mkazi unatsika kudenga, khosi lake likungotalika. A Okabe anakuwa, anaseka, anakuwanso, koma anagwira chitsulo, osati mkono. Mkono wa a Kuwabara unangokhala pomwepo, wokonzeka, wopanda kasitomala.

Iwo anayesetsa kuchita mantha, koma zinakanika. Pa zaka zonse za ntchito yawo panalibe wakufa ndi mmodzi yemwe amene anawalumphirapo. Akufa ndi anthu odekha. Oopsa ndi abale awo. Atakumbukira malangizo a azakhali anati "mayo" motsitsa, koma nthawi imeneyo n'kuti atadutsa kale chigaza china choopseza alendo, ali pamalo opanda kanthu.

Kenako kangolo kanaima pafupi ndi chitsime. Mawu a pa chimkuzamawu anapepesa kuti makina avuta pang'ono, alendo akhale m'malo mwawo.

M'chitsimemo munali mutangotuluka mzukwa, uwu wa munthu weniweni, wovala mkanjo woyera wa akufa, tsitsi litaphimba nkhope, manja ali lendelende kutsogolo. Poti palibe anauuza kuti usiye ntchito, unapitiriza. Unabuula. Unasendera pafupi n'kubuulanso. Kubuula kutautsika unangoima pambali pa ngolo, ukupuma ngati wina aliyense.

Apo m'pamene a Kuwabara anaona pachifuwa pake. Mbali yakumanzere ya mkanjo inali pamwamba pa yakumanja, mmene timavalira amoyofe. Wakufa amamuveka mosemphanitsa, ndi mwana yemwe amadziwa. Anayang'ana kumbali. Anayang'ana kudenga. Analowetsa manja pansi pa ntchafu. Koma manjawo anali ataveka anthu ambirimbiri, ndipo sankatha kusiya munthu apite ulendo wake atavala molakwika.

"Pepani, mayi," anatero a Kuwabara. "Mwavala ngati wamoyo."

"Pepani kwambiri," unayankha mzukwa, ndi mawu okhuthala a bambo wosuta fodya. "Amangotipatsa, satiuza."

"Senderani kuno."

Mzukwa unasendera. A Kuwabara anamasula lamba, anasinthanitsa mbali ziwirizo mofulumira popanda kuonetsa thupi, anawongola kolala ndi zala ziwiri, n'kumanganso lambayo mfundo yoimirira, ija ya ulendo wosabwerera. Anakonzanso kansalu ka pamphumi kamene kanapendekeka, n'kuchotsa tsitsi lina m'maso. Zonsezi anachita mofatsa, mwaulemu, osapupuluma. Atamaliza anaphatikiza manja, anatseka maso n'kuwerama, monga amachitira tsiku lililonse. Mzukwa nawo unawerama.

Potsegula maso anapeza a Okabe akuyang'ana manja awowo. Kuseka kunali kutatha.

Magetsi anayaka. Kunabwera wantchito wa yunifomu, amene anawerama kangapo n'kufotokoza kuti waona zonse pa kamera, ndipo malinga ndi lamulo mlendo wokhudza mzukwa amayenera kutuluka. Mzukwa unayesa kuwaikira kumbuyo, kunena kuti andithandiza bambowa, koma lamulo silinamve. Anawatulutsira pakhomo lam'mbali, pakati pa mabini ndi mapaipi.

A Okabe anatsogola. A Kuwabara ankatsatira pambuyo, mtima utagwa, akudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Anadutsa mahatchi azidole ozungulira, anadutsa dziwe la mabwato, mpaka pa kanyumba kogulitsa zakudya. Pamenepo mayiyo anagula mazira awiri owiritsa n'kukhala pabenchi. A Kuwabara sanakhale.

"Ku kampani kwanu kuja," anafunsa a Okabe, "muli kumwamba kapena kunsi?"

"Kunsi."

Ananena zonse ali chiimire, mwachidule: kuti amasambitsa, amameta, amaveka, ndiponso kuti azakhali anawauza abise koma wolakwa ndi iwo povomera. Anawonjezera kuti a Okabe asavutike kufuna mawu abwino a pafoni, poti azakhali anazolowera.

A Okabe anatenga kapepala ka mchere kamene amaperekera limodzi ndi mazira n'kukang'amba pakona.

Mcherewo a Kuwabara ankaudziwa bwino. Munthu wochokera kumaliro amamuwaza mchere pakhomo asanalowe m'nyumba, kuti imfa itsale panja. Iwo anawazidwapo ndi anthu amene sanapite nawo kumaliro aliwonse. Mayi wina woyandikana naye nyumba ankawaza pamasitepe iwo akangodutsa, poganiza kuti sakuona. Ndiye anaima chilili, manja m'mbali, mapewa owongoka, kudikira. Zinawapweteka kuti ukhala wochokera m'dzanja ili, koma anati bola zithe mwaulemu.

A Okabe anathira mcherewo pa chivindikiro cha kabokosi ka mazira.

"Mayi anga atamwalira chaka chatha," anatero, maso ali pamcherepo, "amene anabwera kudzawaveka ankangoyang'ana wotchi."

Chakumwamba kwawo sitima yamasewera yothamanga pa njanji za m'malere inadutsa ndi anthu okuwa, phokoso n'kuzimirira.

"Khalani pansi, a Kuwabara, anthu aziona ngati ndikukuzengani mlandu." Anawapatsa dzira. "Ndisendereni. Zala zanga zikunjenjemerabe ndi mutu uja wa kudenga."

Anakhala. Kuyambira pamene anayamba ntchito yawo, kunja kwa azakhali, palibe amene anadyapo chinthu chochokera m'manja mwawo akudziwa chimene manjawo amagwira. Kuphwando la abale ankawapatsa ntchito yonyamula mipando. Anagogoda dziralo pabenchi, analisenda pang'onopang'ono, ndipo linatuluka lathunthu, losalala, lopanda bala. Anayang'anayang'ana pepala loti aliikepo.

A Okabe analitenga pachikhatho pawo pomwepo, analisunsa mumchere, n'kuluma. Anatafuna osafulumira, akuyang'ana ana okwera mahatchi. Atameza anakankhira dzira lachiwiri kwa a Kuwabara.

"Ilinso," anatero.