Njerwa ya Ba Jameson

Chaka chimene ufa unasowa mu Lusaka, anthu a m'komboni ya Kanyama ankaimiritsa miyala pamzere. Munthu ankafika pasitolo ya boma, n'kuika mwala wake kumbuyo kwa wa mnzake, n'kupita kukagwira zina mpaka lole itamveka.

Ba Jameson zimenezi ankazionera pawindo la galimoto ya kampani. Moni wawo m'komboni unali hutala, ndipo nthawi ya mvula matayala awo ankagawira anthu matope mosakondera. Kenako kampani inatseka, galimoto inatengedwa, inatsala tayi. M'thumba la ufa munatsala fumbi, ana awo n'kuyamba kuzungulira pamakomo a eni nthawi ya nkhomaliro.

Anaganiza kuti ngati mwala ndiwo umagula ufa, wawo uposa yonse. Anatenga njerwa yabwino, nailemba dzina ndi penti yoyera, nakaiika pamzere m'mamawa. Anthu analipo. Sanapatse moni aliyense, anabwerera kukasita malaya.

Lole itafika, anapeza njerwayo kumbali kwa msewu, ataikhalira Ba Ketty ogulitsa tomato.

"Njerwa iyi inali pamzere. Imirirani, muwerenge dzina."

"Ba bwana, mwala sukamba," anatero Ba Ketty osasuntha. "Akamba ni wakutsogolo na wakumbuyo. Munalonjera ndani poika?"

Ba Jameson anamwaza maso. Nkhope zonse ankazidziwa monga mmene munthu amadziwira mitengo ya m'mbali mwa msewu. Kenako anaona telala wachisilamu wokhala kuseri kwa mpanda wawo, amene m'mamawa uja anaima chapafupi.

"Awa anandiona. Nenani, ba... ba telala."

"Ali na dzina," anatero Ba Ketty.

Telalayo sanali munthu wa mawu ambiri.

"Tikhala mpanda umodzi," anatero. "Tsiku lija tinanyamula maliro a mkazi wanga, munatiimbira hutala kuti tipatuke. Dzina langa ndine ndani?"

Ba Jameson anafufuza m'mutu. Anapezamo mayina a azungu a kukampani, manambala a galimoto, ngakhale dzina la galu wa manijala.

"Ba Hamidu," anayesa.

Mzere wonse unaseka, kuseka kwa anthu anjala, kosatsegula kwambiri pakamwa.

"Ni Ba Fadili," anatero Ba Ketty. "Kumbuyo, ba bwana. Tayi musaiwale."

Anakaima kumapeto, dzuwa likuwotcha. Ufa unatha kutatsala anthu ochepa kutsogolo kwawo.

Atafika kunyumba anapeza ana awo kuseri kwa mpanda, atazungulira mbale pakhonde la Ba Fadili. Telalayo ankawaitana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake. Bambo awo, telalayo sanawaitane.