Tsiku Limene Nkhulukulu Inabwerera

A Zefaniya ankakapa madzi m'bwato pamene akazi awo, a Falesi, anawagwira paphewa n'kuwalozera kumtunda. Galimoto ya ku loji inali itaima kale pansi pa bulugama. Galimoto imeneyi imaphokosera ngati chigayo, koma iwo sanaimve ikubwera.

"Afika," anatero a Falesi, pakamwa atayandikiza khutu lawo lakumanja. "Cathy wabwera nawo. Akwera bwato."

Cathy ndiye ankayang'anira lojiyo, ndipo alendo onse ofuna kuona mbalame ankawatumiza kwa a Zefaniya. Masabata awiri apitawo mlendo wina anakadandaula kuti madala a pa bwato aja amayankha zimene sanafunsidwe. Cathy ananena kuti abwera kudzaona yekha, ndipo ngati n'zoona, alendo azipita ndi munthu wina.

Zinali zoona. A Zefaniya anagwira ntchito zaka makumi awiri pa macheka a matabwa ku Phiri la Dedza, ndipo machekawo anawadya makutu pang'onopang'ono. Atapuma anakhoma bwato, n'kuyamba kuyendetsa alendo kuchoka pa damu kukwera mumtsinje, chifukwa mbalame ankazidziwa kuposa abale awo. Koma makutuwo anapitiriza kufa. Anayamba kusowa ndi mawu a timba, kenako a pumbwa. Chaka chino ngakhale tambala wa pakhomo pawo ankangomuona akuyasamula.

"Bwanji tingomuuza zoona, bambo a Ufulu?" anafunsa a Falesi. "Ine ndatopa nako kunamaku."

"Timuuze kuti chiyani? Kuti munthu wa mbalame ndi gonthi? Ndikatsika m'bwato muno ndikhala ndani ine? Inu ingopalasani, chala chanu chigwire ntchito."

Chinsinsi chawo chinali chala chachikulu cha kuphazi kwa a Falesi. Iwo ankakhala kumbuyo ndi nkhafi, amuna awo patsogolo pawo moyang'anana ndi alendo. Mbalame ikalira, a Falesi ankadina chidendene cha amuna awo: kamodzi njiwa, kawiri pumbwa, katatu nantchengwa, kukanda pang'ono mpheta. Phazi lamanzere kapena lamanja ndilo linkanena mbali. A Zefaniya ankangokweza dzanja ngati wansembe, n'kunena kuti, "Tamverani!"

Mlendo wa tsikulo anali a Collins, mphunzitsi wa ku Lilongwe, wamagalasi oonera patali olendewera m'khosi ndi buku la mbalame lothaitha m'mphepete. A Zefaniya atangoona bukulo mtima unawagwa. Mlendo wa buku latsopano umamuuza chilichonse, koma wa buku lakutha amafunsa.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo Dedza, amene amatchuka ndi kuzizira, tsiku limenelo anaiwala mbiri yake. Dzuwa linkawotcha pa liwombo, madzi a mumtsinje atatsika mpaka mizu ya bango kuonekera. Akakowa anali ndandanda pa mchenga. Chala chinadina katatu kumanzere.

"Tamverani! Nantchengwa uyo. Chisa chake chili pa mphanda ya mtengo uwo, chachikulu ngati nkhokwe."

A Collins anakweza magalasi, n'kugwedeza mutu mokondwa. Cathy, amene anakhala manja atapinda, anamasuka pang'ono. Njiwa inadutsa bwino, pumbwa anadutsa bwino. A Zefaniya ankayankhula mosalekeza kuti pasapezeke mpata wa funso, ndipo funso likabwera ankalitola pa milomo ya mlendoyo. Thukuta linkawatsika m'msana, koma silinali la dzuwa lokha.

Atafika pokhota mtsinje, pamene pali mikuyu ing'onoing'ono, analoza ndi dzanja lonse.

"Mitengo iyi tinabzala ndife awiri, ine ndi mayiwa. Kale pano panali nkhalango, ndipo munkakhala nkhulukulu. Mukuidziwa, bambo? Yobiriwira, yatsumba, ikatambasula mapiko mumaona kufiira. Ootcha makala atamaliza mitengo, inasamuka. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Tinkatunga madzi ndi ndowa kuthirira mikuyuyi kuti mwina tsiku lina nkhuyu zikapsa idzatikumbuka." Anaseka pang'ono. "Anthu ankati tapenga."

Asanatseke pakamwa, mitu yonse itatu inatembenukira kumanja nthawi imodzi. A Collins anatsegula kukamwa. Cathy anaika dzanja pa chifuwa. Nkhafi inaima, bwato n'kuyamba kutembenuka lokha.

A Zefaniya anadikira chala. Chala sichinabwere.

Kwa iwo dziko linali zii, monga mwa masiku onse. Ankangomva mluzu wa macheka umene sunkachoka m'mutu mwawo. Anabweza chidendene m'mbuyo kufunafuna phazi la akazi awo, akupempha ndi mtima wonse. Pamenepo chala chinafika kumanja, chinadina kamodzi, mwamphamvu, osachokanso.

Kamodzi. A Zefaniya anakweza dzanja, n'kumwetulira ngati munthu wodziwa ntchito yake.

"Tamverani! Njiwa imeneyo. Zilipo zambiri kuno."

Palibe anagwedeza mutu. A Collins anatsitsa magalasi, anawayang'ana madalawo, kenako anayang'ana mapazi awo. Cathy anatseka maso. A Zefaniya atacheuka anapeza a Falesi misozi ili mbwembwembwe, nkhafi ili pa miyendo. Pa zizindikiro zonse zimene anagwirizana, mbalame iyi sanaipangire chake. Akanapangiranji chizindikiro mbalame imene inapita?

Milomo ya a Collins inayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, ndipo a Zefaniya anawerenga dzina lija: nkhulukulu. Anatembenukira ku mikuyu mofulumira mpaka bwato linapendama. Anangoona nthambi imodzi ikugwedera, nkhuyu ziwiri zikugwera m'madzi.

Ulendo wobwerera unali wautali. Sanakwezenso dzanja. Manyazi anawagwira, koma chimene chinkawawawa kwambiri sichinali manyaziwo. Anaithirira mikuyu zaka zisanu ndi zinayi, mbalameyo yabwera kudzalira pamutu pawo penipeni, iwo n'kuitcha njiwa.

Pa damu, a Collins anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kunena mawu ambiri amene a Zefaniya sanalabadire kuwawerenga. Cathy anadikira mlendo akwere galimoto, kenako anayandikira khutu lawo. Anali mwana woleredwa bwino, ndipo anakuwa mwaulemu.

"Agogo, mwagwira ntchito yaikulu. Koma mupume kaye. Alendo a Loweruka ndiwapezera wina."

"Chabwino, mayi," anatero a Zefaniya. Anavula chipewa, ndipo anakhala chigwirire mpaka fumbi la galimoto litatha.

Anakokera bwato pa mchenga awiriwiri, n'kukhala pa mphepete pake. A Zefaniya anatembenukira kwa akazi awo.

"Inalira kangati?"

A Falesi anakweza zala zinayi.

"Munaiona?"

"Mapiko okha," anakuwa. "Ofiira, bambo a Ufulu. Ofiira ngati kale lija. Ndinasowa chochita, ndikhululukireni."

A Zefaniya anapukusa mutu kuti palibe mlandu. Anayang'ana kumene kunali mikuyu, ngakhale kuchokera pa damu siioneka.

"Tandilirireni m'mene inalirira."

A Falesi anaunguzaunguza. Mayi wamkulu, wa zidzukulu zisanu, wotsogolera kwaya ku tchalitchi, azilira ngati mbalame pa damu masanasana? Kutsidya kunali amayi awiri akuchapa. Komabe anagwira mutu wa amuna awo ndi manja onse, anagunditsa milomo pa khutu lakumanja, n'kukhosomola kulira kuja kuchokera pansi pa mmero, kho-kho-kho-kho, mokweza mpaka amayi ochapa aja anaimirira.

A Zefaniya anangomva mpweya wofunda ukuwomba m'khutu kanayi.

"Mwamva?" anafunsa a Falesi.

"Ndamva," anatero a Zefaniya.

A Falesi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola nkhafi n'kusenza, ndipo awiriwo anayamba kukwera chitunda kulowera kwawo.